Tinamulira Shane Ali Moyo

Anthu kuno akandifunsa za ku Ireland amafuna ndiwauze za kuzizira ndi za ndalama. Kuzizira kunaliko, koma ndalama ndinapeza zitatha. Chimene chimandibwerera ine ndikakhala phee ndi nyumba ya mayi wina wokalamba ku Ballymun, ndi chithunzi chopenta chimene chinali pakhoma pake, chaching'ono ngati thireyi ya tiyi. Koma ndiyambe ndi mmene ndinachokera kwathu, apo ayi zinazo simuzimvetsa.

Kwathu ku Ntcheu ulendo wakunja sulengezedwa. Amalume, amene anandithandiza pa za tikiti, anandiitanira kuseri kwa khola n'kundiuza kuti nditseke pakamwa, poti ansanje akamva amakutsekera njira, ndege n'kunyamuka iwe uli chiimire. “Ngakhale mayi ako usawauze,” anatero. “Mlongo wanga ndimamudziwa. Akamva alira, akalira mudzi wonse wamva.” Ndiye m'mawa wa ulendo ndinauza amayi kuti ndikupita ku Lilongwe kukaona za ntchito. Anali pakhonde akusankha kachewere wa mbewu. Sanadzuke, panalibe chodzukira. Anangoti pobwera ndiwatengereko mafuta odzola, poti mapazi awo anali atachita ming'alu. Ndinati chabwino. Kutsanzikana kwathu kunali komweko.

Nditafika ndinawaimbira. Analira, anakalipa, kenako anakhululuka, ndipo tinkacheza pafoni Lamulungu lililonse. Anamwalira mapepala anga asanalongosoke. Kutuluka m'dzikomo nthawi imeneyo kunali kutuluka osalowanso, ndipo ana a achimwene anali pasukulu chifukwa cha ine. Maliro ndinawamvera pafoni, nditakhala pabedi, nyimbo zikudukaduka. Amalume sindinawasungire chakukhosi, anachita zimene aliyense kwathu akanachita. Koma chinthucho chinandipweteka, ndipo sichinasiye kupweteka.

Ku Dublin ndinafika dziko litayamba kudwala. Anzathu amene anabwera kale ankasimba za nthawi imene ntchito inkachita kukuthamangitsa mumsewu. Ine ndinapeza makina onyamulira zitsulo ataima m'mwamba osagwedezeka, ndi nyumba zatsopano zopanda mawindo, udzu ukumera m'zipinda. Ndinkakhala ku Mulhuddart, chipinda chimodzi ndi Ba Misozi, mayi wa ku Zambia wamtima wabwino ndi pakamwa posatseka. Tonse tinkasamalira okalamba m'makomo mwawo kudzera ku kampani ina. Kusambitsa, kuveka, kumwetsa mankhwala, kuthamangira basi. Boma litayamba kuchepetsa thandizo la okalamba, maola athu ankadulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense ankakakamira nyumba imene wapatsidwa.

Yanga inali ya mayi Bridie. Moyo wawo wonse anagulitsa nsomba pa Moore Street, msewu womwe ife tinkagulako ufa ndi kapenta, ndipo mawu awo anali akadali a pamsika. Tsiku loyamba ndinawatcha agogo, n'kuwamasulira tanthauzo lake. Anandiyang'ana ndi maso awo a ng'ala.

“Ndine agogo ako ine? Dzina langa ndi Bridie.”

Ine kutchula munthu wa imvi dzina lokhalokha sindikanatha, lilime linkakana. Tinalimbana mpaka tinagwirizana pa mayi Bridie. Nditawauza kuti kwathu kachewere timamutcha dzina la dziko lawo, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndiye ndife pachibale, tonse anthu a mbatata.

Chithunzi chija chinali moyang'anizana ndi mpando wawo. Ndikupukuta fumbi ndinachiyang'ana pafupi ndipo ndinamva chisoni. Penti yokhayokha yopakidwa m'zigambazigamba, yoyera, yotuwa, yabuluu, popanda mzere ndi umodzi womwe woongoka. Nyumba za kumeneko zimagwira chinyezi, ndiye ndinaganiza kuti chinanyowa n'kusungunuka.

“Pepani mayi Bridie, chithunzi chanuchi chinaonongeka ndi madzi.”

“Woonongeka ndi mutu wakowo. Bwerera m'mbuyo. Bwereranso. Kaime pachitseko.”

Ndinayenda chafutambuyo mpaka msana unagunda chitseko, ndipo zigamba zija zinasanduka anthu. Mchenga wonyowa ukung'anima, nyanja yotuwa, azimayi a madiresi oyera atafunda maambulera, ana akuseweretsa madzi. Mpaka mphepo inkaoneka, poti madiresi onse anali atapendekera mbali imodzi. Chakumapeto, patali ndi ena onse, panali kadontho kofiira.

Mbiri yake sanandiuze tsiku limodzi. Inkatuluka pang'onopang'ono, ndikuwawenga zikhadabo, ndikuwadzoza miyendo, pakati pa kutukwana andale a pa wailesi. Anati anapenta ndi mayi wina wa ku banja lopeza bwino, nthawi imene Angelezi ankalamulira dzikolo. Masiku amenewo ojambula a ku Ireland ankapita kukaphunzira ku France, ndipo kumeneko anapeza anthu atatopa ndi kujambulira m'nyumba. Ankanyamula penti kupita panja, n'kumapaka mothamanga kuti agwire kuwala dzuwa lisanasunthe, osataya nthawi ndi mphuno kapena zala za munthu. Akuluakulu poyamba ankaseka, amati ndi ntchito yosamaliza.

“Mbuli ngati iwe zinaliko kale,” anatero mayi Bridie.

Ndinafunsa kuti anthu otchena chotero ankatani pamchenga. Anati sitima ya pamtunda inali itafupikitsa njira ya kugombe, ndipo madokotala ankauza olemera a mu Dublin kuti mpweya wa kunyanja umachiza chifuwa. Ndiye nyengo yotentha ankakhamukira kumeneko. Maambulerawo sanali a mvula ayi, anali a dzuwa, kuti khungu lisade n'kufanana ndi la anthu ogwira ntchito. Apa ndinaseka ndine, n'kuwauza kuti matenda amenewo sanathe padziko.

“Nanga kofiirako?”

“Ndi agogo anga. Siketi yofiira, kumapazi kulibe kanthu. Wopentayo ankachita lendi chipinda kwawo chaka chimenecho. Chachikulu anakagulitsa m'tauni. Ichi chinali choyeserera, anawasiyira pochoka.”

Anandiuza ndiyang'ane pamene nyanja yakumana ndi thambo. Panali kakuda pang'ono, ngati wina anapukutirapo chala. Unali utsi wa sitima ya ku Liverpool, kumene anthu ankakwerera ina ya ku America. M'sitimamo munali mwana wamkazi woyamba wa agogo awo. Chiyambire njala yaikulu imene inapulula dzikolo, anati, mudzi uliwonse unkatumiza ana ake kutsidya, ndipo opita sankabwerako. Choncho dzulo la ulendo ankachita maliro. Maliro enieni, munthu ali moyo. Anansi ankabwera, pamakhala chakudya ndi mowa, kuimba, kuvina, kenako kulira, mwini maliro atakhala pakati akumva zonse. Kukacha ankamuperekeza.

“Amene anagula chachikulu chija ankati wapachika tsiku lokoma la kunyanja,” anatero. “Agogo anga ankati linali tsiku loipitsitsa pa moyo wawo. Koma mwana wawo anamulira atamugwira. Panalibe mawu amene anatsalira m'kamwa.”

Ine ndinapitiriza kudzoza miyendo, mutu uli pansi. Za amayi sindinawauze.

M'nyumbamo munkakhalanso Shane, mdzukulu wawo, kalipentala wa zaka zokwatira. Anakulira m'manja mwawo. Ntchito zomanga zitaima ankangozungulira m'nyumba, kukonza zitseko zosaonongeka. Madzulo aliwonse ankawawerengera nyuzipepala chifukwa cha ng'ala ija, iwo akumudula mawu ndi kumunena kuti amawerenga ngati wamwa phala lotentha. Bambo ake, a Declan, mwana wa mayi Bridie, kale anali ndi kampani yomanga nyumba. Tsopano ankayendetsa takisi, nkhope itagwa.

Tsiku lina a Declan anandiitanira kukhitchini n'kutseka chitseko. Anati Shane wapeza ntchito ku Australia, anyamuka kumapeto kwa mwezi. Mtima wa mayi Bridie ndi wofooka, adokotala anati asamadzidzimutsidwe. Ndiye banja lagwirizana kuwauza kuti Shane wapita ku Cork, m'dziko momwemo, kwa masabata ochepa. Kenako masabatawo azidzawonjezeka.

“Inu mumakhala nawo tsiku ndi tsiku. Akafunsa, ndi Cork. Tamvana?”

Ndinavomera ndi mutu. Nditaweruka ndinakwera basi yobwerera.

Ba Misozi ndinawapeza akusita yunifomu. Nditawafotokozera, anaimika ayironi.

“Iwe, ni family yako iyo? Ma hours ba cutting'a everywhere, iwe ufuna kuyamba ma sermon mu nyumba ya client. Bazakuchosa, mwana. Uzayenda kuti?”

“Ba Misozi, mnyamata uja sadzawaonanso agogo ake. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa.”

“Naziba. Koma care plan ikamba chani? Sambika, dyesa, pasa ma tablets, sign out. Palibe pamene balemba ati konza ma family ya bene.”

Sankanama. Ndinayesetsa kuwamvera. Shane anauza agogo ake za Cork maso ali pa nyuzipepala, ndipo iwo anati Cork si kutali, azibwera Loweruka kudzachapitsa zovala. Sutikesi ankailongedzera m'buti ya takisi ya bambo ake, malaya amodziamodzi, ngati akuba m'nyumba mwawo momwe. Mayi Bridie anandituma ndikagule masokosi aubweya, akuti ku Cork kumagwa mvula yopanda ulemu. Ndinakagula masokosi aubweya a munthu wopita ku dziko lotentha ngati ku Nsanje, ndipo pobwera ndinalira m'basi, mzungu wina mpaka anandipatsa tishu.

Lachisanu a Declan anabwera kudzasiya mankhwala. Mayi Bridie anali atagona pampando, Shane atachoka. Ndinawatsatira kukhitchini. Kwathu ukafuna kupempha chinthu chachikulu kwa munthu wamkulu suimirira. Sindinaganize n'komwe, maondo anapita okha pansi, pa matailosi ozizira aja, manja pamodzi.

A Declan anaponya thumba la mankhwala.

“Yesu! Mwatani? Mukukomoka? Musasunthe, ndiimbe ambulansi!”

“Ayi bambo, ndili bwino. Ndikupempha.”

“Dzukani, chonde dzukani! Munthu sagwadira ine!”

Kumeneko amagwadira Mulungu yekha, nayenso mwa apo ndi apo. Ataona kuti sindikudzuka, bambo wamkulu uja, thupi ngati kabati, anagwada nawonso, bondo likulira. Tinayang'anana pamenepo, pafupi ndi bini, ngati ana awiri opatsidwa chibalo.

Ndinawauza za khonde, za kachewere, za mafuta odzola. Sindinakometse.

“Foni ilipo, bambo, ndikudziwa. Ine ndinkaimba Lamulungu lililonse. Koma foni ilibe dzanja. Inu mukuteteza mtima wa amayi anu, chabwino. Amene adzasenze zimenezi moyo wake wonse ndi Shane.”

Nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu.

“Nkhani iyi si yanu.”

“Zoona, si yanga.”

“Mukudziwa kuti ndikhoza kuimbira kampani yanu lero lomwe?”

“Ndikudziwa, bambo.”

Anagwira tebulo, anadzuka movutikira, anatuluka osatseka chitseko. Loweruka ndi Lamulungu ndinakhala ndikuyang'ana foni, kudikira uthenga woti ndisapitenso. Ndinali ndi mantha, ndisaname. Ba Misozi anangondiwonjezera ndiwo m'mbale.

Uthenga sunabwere, ndiye Lolemba ndinapita. Ndili pageti ndinamva mawu a pamsika aja akutuluka pawindo. A Declan anali atawauza m'mawa womwewo.

“Cork! Wamantha iwe, Cork! Ndinaika m'manda mwamuna wanga ndi ana awiri, ndiye mtima wanga uime chifukwa cha ndege? Ndinakubereka ndine kapena unachita kutoledwa?”

A Declan anali chiimire pakati pa chipinda, manja kumbuyo. Shane anali atakhala pa masitepe, nkhope m'manja. Ine ndinalowa mwakachetechete n'kukatsegula madzi osamba.

Kubafa ndi kumene zinasintha. Nditawakhazika pa kampando kosambira, mphamvu zonse zija zinawathera. Anandigwira mkono, thupi lonse likugwedezeka, mpweya ukubwera modukiza, milomo itayamba kutuwa. Ndinati Mulungu wanga, a Declan ankanena zoona, ndawapha mayiwa. Ndinawafunditsa thaulo n'kuwakumbatira choncho, ndikuwasisita msana ngati khanda, mpaka mpweya unabwerera m'malo mwake. Kenako anadzutsa mutu.

“Unadziwa iwe?”

“Eya, mayi Bridie.”

“Ndipo masokosi unakagulabe?”

“Munandituma.”

“Chitsiru,” anatero, akundisisita tsaya. “Ndipukute. Tili ndi maliro oti tikonze.”

Anachitika Lamulungu masana, dzulo la ulendo. Mwambowo unali utasiyidwa kalekale, achinyamata ankangoumva, koma anthu anabwera mpaka ena kuima pakhonde. Anansi, anzake a Shane, ndi azimayi okalamba amene ankagulitsa nawo pamsika, onse mawu ngati a mayi Bridie. Panali nyama ya nkhumba, buledi wophika pakhomo, tiyi ndi mowa, ndipo mdala wina anabwera ndi akodiyoni. Shane anamukhazika pampando pakati pa chipinda. Aliyense ankaimirira n'kunena zimene akumudziwira, zabwino ndi zochititsa manyazi zomwe. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti pafupifupi nyumba iliyonse mumsewumo inali ndi mwana ku Canada, ku England kapena ku Australia, ndipo ambiri anangotsanzikana pabwalo la ndege, mothamanga, galimoto itaima polakwika.

Ba Misozi, omwe aja a care plan, anabwera atavala chitenje chawo chabwino, ndipo anaimba nyimbo ya kutchalitchi m'Chinyanja mpaka mdala wa akodiyoni anaipeza n'kumatsatira. Ine ndinali nditakazinga mtedza wa kamba, poti kwathu wapaulendo sapita chimanjamanja. Shane anaseka mpaka misozi. Anati ku Australia mtedza wa m'thumba salowa nawo, pabwalo la ndege pali agalu onunkhiza, akanamugwira asanaone n'komwe dzikolo. Ndiye tinadya kamba yense pompo, azimayi a pamsika akudandaula za mano awo oikirira.

Wina anati bwanji chithunzi chija amupatse mnyamatayo, azikakumbukira kwawo.

“Ayi,” anatero mayi Bridie. “N'cha otsala chimenecho. Wopita amafuna nsapato zabwino basi.”

Dzuwa litapendeka anamenya ndodo yawo pansi, chipinda chinati zii. Anaitana Shane. Anabwera n'kugwada pafupi ndi mpando wawo, ndipo iwo anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, akuiyendera ndi zala, mphumi, makutu, chibwano, poti maso sankawathandizanso.

“Tamvera, mwana wanga. Ndikafa usabwere. Usataye ntchito chifukwa cha bokosi. Maliro ako ndi anga ndi lero, tawaphatikiza kuti tisaphike nyama kawiri.”

Anthu anaseka, koma kuseka kuja kunathera panjira. Shane anagwetsa mutu pamiyendo pawo. Ine ndinangozindikira nditayamba kulira mokuwa, mwa kwathu, manja kumutu. Ndinachita manyazi, ndimati ndawonongera anthu mwambo. Koma mayi wina wa pamsika anandilandira ndi kulira kwa kwawo, kokoka, kopanda mawu, kenako wina, kenako Ba Misozi. Palibe amene anandifunsa kuti ndikulirira ndani.

Mayi Bridie anakhala ndi moyo nyengo yozizira yonse, nafikanso yotentha. Nyuzipepala ndinkawawerengera ndine, ndipo ankati bola Shane. A Declan sanatchulepo za kukhitchini kuja, koma mvula ikagwa ndinkapeza takisi yawo pageti, akuti anali kupita chakomweko.

Ndinabwerera kwathu patapita zaka zingapo. Ana amene ndinkawalipirira sukulu anandilonjera mwaulemu ngati mlendo wochokera kuboma. Amalume ndinawapeza atakalamba, akundisokoneza ndi mlongo wawo. Zambiri za ku Dublin zayamba kufufutika, manambala a mabasi, mayina a misewu. Koma tsiku limene tinaika mayi Bridie silichoka.

Anamwalira ali pampando wawo, wailesi ikulankhula. Mwa mwambo wa kumeneko, okonza maliro atamaliza anawabweretsa kunyumba, bokosi lili chitsegukire pabalaza kuti anthu awaone. Nditawayang'ana ndinapempha a Declan kuti andisiye nawo kanthawi, ndipo anandilola.

M'mawa wopita kutchalitchi, onyamula bokosi ataima kale pakhomo, a Declan anandipatsa foni. Anati Shane akufuna ine. Kwawoko kunali madzulo, anali atangoweruka.

“Sindikubwera,” anatero. “Anandiletsa.”

“Ndinalipo, Shane. Ndinamva.”

“Ndimaganiza kuti zindipweteka kuposa apa. Zikupweteka, koma ndinawauza zonse.” Pafonipo ndinkamva magalimoto a dziko lina akudutsa. “Ndiuzeni chinthu chimodzi. Tsitsi awapesa bwanji? Amadana ndi kulipesera kumbuyo, amati amaoneka ngati wansembe.”

“Anawapesera kumbuyo. Ndaphwasula, ndawapesa ndine.”

Ndinamumva akutulutsa mpweya.

“Basi ndiye,” anatero. “Auzeni adadi akhoza kutseka.”